Belu la pa Mtengo wa Mango

Misozi anakumana ndi Kingsford pa siteji ya minibasi ku Ndola, onse atatopa ndi kudikira.

"Sisita, ma minibasi aya azatipha. Ati kale kunali sitima?" anatero mnyamatayo.

Apo ndiye anamugwira pamtima. Bambo ake a Misozi anakalambira pa kanjanji komwe kankanyamula anthu a m'migodi ndi amayi ogulitsa tomato. Sitima itasiya kuyenda, msika wa pa siteshoni unafa, akuba n'kuyamba kuzula zitsulo. Mkuluyo anapulumutsa chidutswa chimodzi, n'kuchipachika pa mtengo wa mango ku tchalitchi cha Reformed kuti chikhale belu. Ndi lomwe linalira pa maliro ake.

Kingsford ankawotcherera zitsulo ku Kamitondo, komboni ya ku Kitwe, koma ntchito yeniyeni inali pakamwa. Foni ya Misozi sinkapuma.

"Switi wanga, mtima wanga uli pa njanji yako, siupatuka."

"Bebi, pa ukwati wathu belu la adadi lizalira mpaka ku Kitwe."

Loweruka lililonse Kingsford ankati Misozi amuonetse momwe sitima inkadutsa. Mwana wa eni, mutu utazungulira, anamuonetsa zonse: mlatho, pomwe zitsulo zinatsalira, ngakhale mtengo wa mango uja. Kodi chikondi chili ndi maso?

Lamlungu lina belu linasowa. Misozi analira ngati maliro achitikanso.

"Osalira, mwandi. Anthu alibe mantha na Mulungu," analemba Kingsford.

Pofuna womutonthoza, Misozi anapita ku Kamitondo osanena. Asanalowe pa geti anamva: ngoo! ngoo! Kulira kumeneko anakula nako.

Kingsford anali ataweramira chitsulo chija, akuwongolerapo misomali. Waya womwe bambo a Misozi anamangira unali ukadali pomwepo.

"Ndiye ma Saturday onse aja unali kufuna ine, olo njanji?"

"Iwe naiwe, bebi, ni chitsulo chabe. Sitima siizabwera futi. Nizagulira church belu la zoona."

Manyazi analibe ngakhale pang'ono, ndipo n'zomwe zinamuwawa kwambiri Misozi. Anamulanda hamala, n'kumenya chitsulocho pang'onopang'ono, monga amachitira mumpingo mukagwa zovuta. Oyandikana nawo anayamba kusuzumira pa mpanda.

Misozi anavula mphete ya chitomero n'kuiika pa chitsulopo.

"Unalonjeza kuti lizalira, Kingsford. Lalira. Manje nyamula, ukalibweze pamene unalichotsa."