Chinthu Chopuma Kuseri kwa Nyumba ya Mainess

Akuba tawaonapo amitundumitundu, koma amene anavuta ku Kanakantapa m'nyengo yozizira ija anasokoneza mitu ya anthu. Ng'ombe sankazikhudza. Goli, unyolo, pulawo, zonse ankazisiya pomwepo. Iye ankangofuna ndowe basi.

Woyamba kuzindikira anali Perpetua, mkazi wa ba Mwaanga, mwini ng'ombe khumi ndi zinayi. M'mawa wina anaima kunja kwa khola kudikira mkaka, pakuti kwa a Mwaanga mkazi sapondamo m'khola, ati ng'ombe zimataya bere. Poyang'ana pansi anaona poyera ngati pabwalo la tchalitchi tsiku la ukwati. Ndowe zonse zaziwisi zinali zitakokoledwa bwinobwino, ndipo pamatope a pakhomo panatsala mapazi. Mapazi opanda nsapato, aang'ono, a munthu wamkazi.

"Batate Mapalo," ananong'ona, kuitana mwamuna wake ndi dzina la mwana wawo, "onani pansi apo."

Ba Mwaanga ndi chimunthu, mimba kutsogolo, mawu ngati ng'oma, koma tsikulo anaika pansi chitini cha mkaka n'kuwerama kuyang'ana mapaziwo. Woweta aliyense kuno amadziwa tanthauzo lake: wotapa ndowe za mnzake mumdima ndiye kuti akukoka ziweto, kuti zife imodziimodzi, mwayi usamukire kwake.

Mawa lake chimodzimodzi. Mkuja mwake chimodzimodzi. Ba Mwaanga anayesa kulonda ndi mpini m'manja, koma bulangete linawanyenga, ndipo podzidzimuka tambala atalira anapeza m'khola mosesedwa kale.

Kenako kunayamba phokoso.

Perpetua analimva yekha atatuluka panja pakati pa usiku. Mwezi kunalibe, mphepo ya Juni inkalowa mpaka m'mafupa, mapesi ouma m'munda akuchita tswatswatswa. Kutsidya kwa mundawo, kunyumba kwa Mainess ndi mwamuna wake Sanford, kunamveka kulira kwa pansipansi ngati m'mimba mwa munthu wodya nyemba zosapsa, koma m'mimba mwake mwaukulu ngati nyumba. Gudu, gudu, gudu. Kenako zii. Kenako fuuu, mpweya wautali, wapang'onopang'ono, ngati chinthu chimene chagona chikuusa moyo. Agalu onse a mbali imeneyo anali chete, ndipo kuchetemako n'kumene kunamuopsa koposa. Pawindo la Mainess panali kuwala. Sikunali kofiira ngati kwa nkhuni, sikunali kwachikasu ngati kwa kandulo. Kunali kobiriwira ngati thambo, kosagwedezeka, ndipo padenga sipankatuluka utsi ngakhale pang'ono.

Moto wopanda utsi! Perpetua anadzilemba chizindikiro cha mtanda, n'kuiwala ndi chimene anatulukira.

Pamjigo m'mawa nkhani inali itafika kale, poti ena analimvanso. Abson, amene sasiyana ndi kawailesi kake ngakhale popita kuchimbudzi, anali ndi yankho lakelake.

"Imwe simumvela nyuzi. Bakamba kuti boma ifuna kupanga nkhokwe ya gasi, yosungila dziko lonse pa nthawi ya mavuto. Ni mapaipi ayo, bakumba pansi pathu mwakabisila. Muzaona, bazatichosa pano."

"Boma ikumba na mapazi ya mkazi?" anafunsa mayi wina, onse n'kuseka, koma kuseka kwake kosafika m'mimba.

Amene anatsitsa mawu ndiwo ananena zimene aliyense ankaganiza. Ba Sanford, amene anaotcha makala zaka makumi awiri ndipo sankasowa pamsika, anali asanaonekenso chichokere Pasaka. Kutchalitchi ayi, kumaliro ayi. Ukafunsa mkazi wawo, yankho linali limodzi: agona. Tsono anthu anawonkhetsa okha. Ati mwamunayo anafa kale, Mainess anamusandutsa chinthu choti chizimugwirira ntchito, ndipo chinthu chotero sichidya chakudya cha anthu. Chimadya ndowe.

Perpetua zinamuwawa. Iye ndi Mainess ankavala yunifolomu imodzi ya amayi a Anna Woyera, ankakhala benchi imodzi. Mainess ndi kamunthu kochepa thupi, kosalankhulalankhula, koma manja ake ndi ena: mjigo ukafa amaukonza ndi iye amuna ali chilili, njinga ya katekisiti amamanga ndi iye. Munthu wotero angakhale mfiti? Perpetua anatenga mbatata m'mbale n'kupita kwa mnzakeyo masana dzuwa likuswa mtengo.

Sanafike ndi pakhonde pomwe. Mainess anamuchingamira panjira, n'kununkhiza chitenje chake.

"Imani pamene apo, amake Mapalo. Mununkha utsi."

"Nabwela kuona odwala."

"Agona. Zikomo pa kandolo," anatero, akulandira mbatata ija.

Kuseri kwa nyumba kunali mpanda watsopano waudzu, wautali kuposa munthu, ndipo mphepo yochokera kumeneko inabweretsa fungo la m'khola. Chonsecho Mainess analibe ngakhale mbuzi.

Usiku umenewo Perpetua tulo sanatione. Mwamuna wake atapita kukalonda, anafunda chitenje chakuda n'kudutsa m'mapesi mwakachetechete. Anagwada pampanda paja n'kupatula udzu ndi zala ziwiri. Poyamba sanaone kanthu. Maso atazolowera, anaona chinthu chakuda, chozungulira, chonenepa ngati ng'ombe yofufuma, chitadzipinda pansi. Mutu chinalibe. Miyendo chinalibe. Pansi panalira gudu, gudu, ndipo chinthucho chinatukuka pang'ono, khungu lake likulira ngati chingwe chokokedwa. Chinali pafupi kwambiri moti anatambasula dzanja, kaya chinamutuma n'chiyani, n'kuchikhudza. Chinali chozizira, chosalala, cholimba. M'nyumba munamveka kutsokomola kwakuya, kotsatizana ndi kulira kwa mluzu ngati mpweya wodutsa m'bango.

Mmene anafikira kwawo sakumbuka. Patapata mmodzi anamupeza m'mapesi patapita sabata.

Masiku atatu otsatira ba Mwaanga analonda ndi anzawo mosinthana, ndipo ndowe sizinabedwe. Koma tsiku lachinayi ng'ombe yawo ya mkaka inapezeka itauma gwa. Chaka chimenecho ziweto sizinapite kudibu, nkhupakupa zinali mbwee m'makutu mwa ng'ombe, koma ndani akanaganiza za nkhupakupa? Perpetua ataona mwamuna wake akulira ngati mwana pambali pa mtembowo, pakamwa panamuthawa. Anaulula zonse zimene anaona.

"Lelo tichishoka na moto," anatero ba Mwaanga. "Chinthu icho pamodzi na nyumba yake."

Apo m'pamene Perpetua anazindikira kuti wayatsa moto umene sangauzime. Anagwira mwamuna wake mwendo, anatchula dzina la abambo mfumu a kutchalitchi, koma kunali kulankhula ndi mwala. Mdima utagwira, amuna asanu ndi mmodzi anamanga miuni yaudzu n'kuwoloka munda uja. Iye anatsatira pambuyo, korona m'manja, akupemphera mosokoneza mawu.

Anapeza Mainess ataima kale pakhomo la mpanda, manja atatambasula, wopanda ngakhale ndodo. Kuwala kwa miuni kunkavina pankhope pake, koma maso sanaphethire.

"Ba Mwaanga, moto uyo ukafika apa, tonse tifa. Imwe, ine, na bamuna banga."

"Mwamva? Atiopseza!" anakuwa Abson, ali kumbuyo kwa onse.

"Chokapo, mfiti iwe! Ng'ombe yanga yafa!" anakalipa ba Mwaanga.

"Ndowe zanu ninatenga ndine, sinikana. Nimangeni mailo kukacha, nipelekeni ku polisi. Koma zimani moto, napapata. Utsi ungena mu nyumba!"

Zoonadi mphepo inkakankhira utsi wonse pawindo. M'katimo kutsokomola kuja kunayamba, kenako mluzu, kenako chitseko chinalira pang'onopang'ono. Panatuluka dzanja loyamba, mafupa okhaokha, likukwawa pansi. Kenako mutu wa imvi. Amuna awiri anataya miuni n'kuliyatsa liwiro, wina n'kukagwera m'dzenje la zinyalala. Chinthu chokwawacho chinakweza nkhope, pakamwa pali yasa, chikufunafuna mpweya.

"Mwa... Mwaanga," chinatero. "Mulamu... unipha."

Mzukwa suitana munthu kuti mlamu. Anali ba Sanford. Perpetua ndiye anayamba kudzidzimuka. Analanda muuni m'manja mwa mwamuna wake n'kuukwirira mumchenga, n'kukalipira enawo mpaka yonse inazima. Mdima unagwa bii, munangotsala kulira kwa chifuwa cha ba Sanford.

Apa tsono mukanamuona Mainess! Kamunthu kaja kanasanduka kapitawo. Anatuma Abson kunyamula wodwalayo n'kumukhazika pampando, anamupopera kamankhwala ka kukiliniki m'kamwa, anauza Perpetua atsekule mawindo onse utsi utuluke. Kenako anatsegula kampopi pa kachitofu kopangidwa ndi chitini, n'kukhwatcha machesi. Moto wobiriwira uja unabadwa, koma waung'ono ngati chikhadabo.

"Nthunzi ndiye imabathandiza, na kufunda," anatero Mainess. "Ndiye nchito ya moto uyu. Koma gasi yachepa. Masiku yatatu mulonda khola, dilamu ili na njala." Anawalitsa tochi ya foni n'kuloza chithupi cholemera cha ba Mwaanga. "Imwe ndimwe olema. Bwelani."

Anawatsogolera kuseri. Tochi inaonetsa zonse poyera: dilamu lalikulu lapulasitiki lokwiriridwa theka m'nthaka, mapaipi omata ndi phula, ndi machubu atatu a thirakitala. Awiri anali ataphwa. Chachitatu, chilombo chija cha Perpetua, chinali chofewa ngati mimba ya mayi wongobereka kumene.

"Nkhalani apo."

"Pa... pa ichi?"

"Ni chubu, ba Mwaanga, siluma. Mukankhalapo gasi izathamanga mu paipi."

Ba Mwaanga anayang'ana kumwamba, anayang'ana pansi, n'kutsitsa thupi lonse lija pachubu mosamala ngati akukhalira mazira. M'nyumba Perpetua anakuwa: moto unali utadumpha, wautali ngati chala, ukulira fuuu pansi pa poto.

Podikira madzi, Mainess anafotokoza, maso ali pa mwamuna wake. Madokotala anati makala anamudya mapapo, ndipo utsi uliwonse, wa nkhuni, wa mbaula, ngakhale wa pachovala cha mlendo, ukhoza kumutseka. Ba Sanford, munthu wonyada, analetsa kuti anthu asamuone atatha chonchi. Za dilamu Mainess anaziona kamodzi kokha pa chionetsero cha zaulimi ku Chongwe: ndowe zikaola mosapitidwa mphepo zimatulutsa mpweya woyaka. Anajambula pachikuto cha buku la nyimbo, n'kudzayesa kwawo kanayi konse zisanatheke.

"Manje machubu ni ya chani?" anafunsa Abson.

"Si imwe munanimvetsa wailesi pa mjigo kale? Bakuti boma ifuna kusunga gasi ya pa ngozi. Ninati, kansi boma nayo iyopa usiku woipa monga ine. Bamuna banga chifuwa chimabagwila usiku, pamene dilamu yazizila siipanga kanthu. Ninayamba kusungilatu yanga."

"Nanga osapempha chabe ndowe, mwandi?" anatero Perpetua, misozi ili m'maso.

"Nipemphe bwanji? Mkazi sangena mu khola. Mwamuna wonitapila ni uyu mumuona. Ndipo mkazi wa munthu wodwala akapempha ndowe, imwe mukanati chani?"

 Perpetua anangoyang'ana mapazi a mnzake, aang'ono, ong'ambika ndi chisanu cha m'bandakucha.

Poto woyamba anawira, wachiwiri, wachitatu. Ba Sanford anaweramira nthunzi atafunda bulangete, ndipo mluzu uja unayamba kutsika pang'onopang'ono, mpaka kum'mawa kutayamba kufiira munangotsala kupuma wamba kwa munthu wotopa. Enawo anali atazemba mmodzimmodzi ndi manyazi. Perpetua anatuluka kukaona mwamuna wake.

Anamupeza ali pomwepo, mame ali mbuu m'ndevu, mano akugundana, chubu chitatsala pang'ono kufika pansi. Usiku wonse sanasunthe.

"Apuma?" anafunsa ba Mwaanga.

"Apuma."

Ba Mwaanga anapukuta kumaso ndi chikhatho. Mainess atatulukira pangodya ndi poto wina, bamboyo anatsokomola kaye, n'kulankhula osamuyang'ana.

"Mulamu. Chinthu chanu ichi chimadya mabaketi yangati pa siku?"

"Yabili."

"Nizayamba kubwelesa yatatu. Nizatapa neka, imwe mu khola mwanga musangenemo futi." Anagwira pansi kuti adzuke, mawondo akulira.

"Zikomo," anatero Mainess. "Koma musanyamuke. Manzi ya tiyi yakalibe kubila."

Ndipo ba Mwaanga anakhalanso pachubu paja, kudikira kuti madziwo awire.