Filimu Sinathe

M'kalasi monse munali m'manja mokhamokha, onse akuombera Ramsey. Mwanamisi yekha ndiye anapinda manja, mtima ukubwata ngati mphika wa nyemba. A Makwinja, aphunzitsi oyang'anira kilabu ya zachilengedwe pasukulu yawo ku Chilomoni, anali atangolengeza kuti Ramsey wapeza mtengo umene mbalame za nkulukulu zimadyapo m'nkhalango ya paphiri la Michiru.

"Loweruka tikwera tonse," anatero a Makwinja. "Kamera ndabwereka kwa Che Majidi a pamsika. Wojambula akhala Ramsey, poti mtengowo wapeza ndi iyeyo. Chithunzicho tidzachipachika ku ofesi, dzina lake lili pansi."

Wapeza ndi iyeyo? Ramsey yemweyu, woti pumbwa ndi njiwa kwa iye zinali mbalame imodzi? Mtengowo unali mkuyu wa m'mbali mwa kamtsinje, ndipo Mwanamisi anauonetsedwa ndi bambo ake, Che Salehe, amisiri osula ndowa amene anakulira m'munsi mwa phiri ku Mulanje. Ndiwo anamuphunzitsa kukhala phee m'nkhalango mpaka mbalame zitaiwala kuti pali munthu. Bambowo anali atamwalira mwezi wapitawo. Tsiku lina chisoni chitamukulira, Mwanamisi anafotokozera Ramsey za mkuyuwo, poti ankakhala desiki imodzi. Kulakwa kwake kunali komweko.

Pa buleki anamupeza akugula zigumu.

"Iwe Ramsey, mtengo uja unaupeza liti?"

"Aa, ndiye wakwiya? Mitengo ya m'phiri ilibe mwini, aise. Masiku ano ndi a demokalase, aliyense amalankhula zake."

Anyamata omwe anali pomwepo anaseka. Mwanamisi anangomuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, n'kunena mumtima kuti uyu alira, ndipo alira anthu akuona.

Njira yomuliritsira anali akuidziwa, ndipo anaidziwira kwa Che Majidi omwewo. Masabata awiri bambo ake asanamwalire, anaitanitsa Che Majidi kunyumba kuti awajambule ali ndi mkazi wawo ndi mwana wawo. Anavala mkanjo woyera, n'kuimirira pakhonde ngakhale miyendo inkanjenjemera. M'moyo wawo wonse chithunzi chinali chomwecho. Koma ojambula ngati Che Majidi sakatsukitsa filimu isanathe, ndipo chaka chimenecho cha 1995 zinthu zinali zitakwera, anthu osajambulitsa. Lachisanu lililonse mayi ake, a Hajara, ankamutuma kumsika, ndipo yankho linali limodzi.

"Filimu sinathe, mwanawe. Uwauze amayi apirire."

Ulendo wina Mwanamisi anagwira kachitseko ka kumbuyo kwa kamera, Che Majidi n'kumumenya kadzanja. "Apo ayi. Ukatsegula padzuwa, zonse zili m'katimo zapsa. Filimu ndi dzuwa sizionana."

Loweruka m'mawa ana khumi ndi awiri anayamba kukwera. Ramsey anali patsogolo, kamera ili pakhosi, chifuwa chili nga. Mwanamisi ataiona kamerayo anakumbukira chithunzi cha bambo ake, n'kuda nkhawa kuti mwina chikadali m'menemo.

"Filimu ili m'menemo ndi ya ndani?" anafunsa.

"Yatsopano. A sala agula dzulo m'tauni. Zithunzi sate sikisi, zonse zanga."

Basi, nkhawa inathera pomwepo. Kufunsa a Makwinja sanafune, kuopa kuti angadzamuganizire pambuyo pake.

Atadutsa mitengo yaifupi ya m'munsi analowa m'nkhalango yeniyeni. Kunja dzuwa linali litayamba kuwawa, koma m'menemo munkazizira, masamba akudontha mame, zingwe za m'tchire zitalendewera paliponse. Akacheuka pampata ankaona phiri la Ndirande patali, litayamba kumeteka chifukwa cha nkhwangwa. Pamphambano ya tinjira Ramsey anaima. Analowera kumanja, anabwerera. Analowera kumanzere, n'kukathera pathanthwe. Thukuta linali kamukamu.

"Kodi mtengo wako wasamuka?" anafunsa a Makwinja.

Mwanamisi anakondwa, koma manyazi amenewo anawaona kuchepa. Komanso munthu akapanda kujambula, iye awotcha chiyani? Anadutsa mwakachetechete n'kutenga kanjira kotsikira kumtsinje, onse n'kumutsatira. A Makwinja anamuyang'ana nthawi yaitali.

Anakhala pansi pa mkuyu, aliyense atatseka pakamwa. Panadutsa timba, panadutsa mapumbwa. Nyerere zinawaluma mpaka ena anayamba kung'ung'udza. Kenaka kumtunda kunamveka kulira kokhakhala, ko-ko-ko-ko, ndipo nkulukulu ziwiri zinatera panthambi. Zinali zobiriwira ngati masamba omwewo, kansonga kali njo pamutu, zikuthamanga panthambi ngati agologolo. Imodzi itatambasula mapiko, kufiira kwake kunachita ngati wina wayatsa moto m'mitengo. Mwanamisi anamva misozi ikubwera, chifukwa pamalo pomwepo m'pamene bambo ake ankamugwira phewa kuti asagwedezeke.

Kamera inalira kangapo. Ramsey anatembenuka mano ali pamtunda.

"Ndazigwira. Dzina langa lilowa mu ofesi."

Masana onse anatsikira kumtsinje kukasamba m'manja kuti adye. Ramsey anasiya kamera pachikwama chake pamwala, pomwe dzuwa linkaboola masamba. Mwanamisi anatsalira ngati akumanga nsapato. Anakoka kachitsulo ka pamwamba monga ankachitira Che Majidi, kachitseko n'kutseguka. Anayang'anitsa filimuyo kudzuwa, n'kuwerenga pang'onopang'ono mpaka khumi, nambala iliyonse akuitchula ndi dzina la Ramsey. Atatseka anatsikira kumtsinje, ndipo mbatata ya tsiku limenelo inamukomera kwabasi.

Lachisanu lotsatira, ataweruka, mayi ake anamutuma ngati kale. Iye anapita mothamanga, poti anamva kuti zithunzi za kuphiri zabwera. Pabenchi ya Che Majidi anapeza a Makwinja, ana angapo a kilabu, ndi Ramsey atazolika. Che Majidi ankagwedeza filimu yakuda bii m'mwamba.

"Ndinakuuza kuti kumbuyoku usakhudzeko. Ndinakuuza kapena sindinakuuze?"

"Sindinatsegule ine," anatero Ramsey.

"Ndiye inatseguka yokha? Mbalame zako zapsa zonse, ndipo zimenezo ndilibe nazo ntchito. Koma za makasitomala anga?"

Ramsey analira. Analira ndithu, mamina ali chuchuchu, amayi ogulitsa tomato akuonerera. Mwanamisi anaima kumbuyo akumva kukoma, mpaka mawu omalizawo atamulowa bwino m'khutu.

"Za makasitomala ziti?" anafunsa. "Si inali filimu yatsopano?"

"Yatsopano aitenga kuti?" anayankha a Makwinja. "Che Majidi anatipatsa kuti timalizitse yawo. Munatsala malo asanu ndi atatu okha."

Che Majidi atamuzindikira, ukali wonse unawathera. Anafufuza mu envulopu, natulutsa chithunzi chimodzi, koma anachedwa kuchipereka.

"Mwanawe, chanu ndi chimene ndinajambula komalizira, ndiye chinali pafupi ndi za mbalamezo. Za ena zam'kati zapulumukako. Ichi ndawapempha otsuka mafilimu kuti achitsuke choncho."

Mwanamisi anachilandira. Kumanzere kunali iye mwini, akumwetulira, ndi mayi ake atavala mpango wabuluu. Kumanja, pomwe panaima bambo ake, panali chiwalitsiro chofiirira chokhachokha kuchokera pamwamba mpaka pansi. Chomwe chinatsalako chinali zala zinayi paphewa lake.

"Sichingakonzeke?"

"Chopsa chapsa, mwanawe. Pepa."

Ramsey anasuzumira, naona, ndipo kulira kwake kunasintha. "Mwanamisi, ndinakunamiza za filimu ija. Ndimangofuna kushaina. Za mtengonso ndinanama, a sala. Koma kutsegula sindinatsegule, ndikulumbira."

Che Majidi anayambanso kumulozera chala. Mwanamisi akanatha kungokhala chete, ndipo palibe akanadziwa mpaka kalekale. Koma chimene ankachifuna sabata yonse chinali pamaso pake, ndipo chinkamunyansa.

"Musiyeni," anatero. "Ndinatsegula ndine."

A Makwinja anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi malaya. Che Majidi anatsitsa chala, n'kukhala pansi.

"Tikambirana Lolemba, nonse awiri," anatero a Makwinja. "Panopa pita kunyumba. Amayi ako akudikira."

Kuchokera pamsika kufika kwawo sipankatenga nthawi, koma tsiku limenelo anayenda ngati wasenza thumba la chimanga. Michiru inali pomwepo kutsogolo kwake, ndipo sanayerekeze kuiyang'ana. Atakhota pampopi anaona mayi ake atakhala pakhonde lomwe lija. Pamiyendo pawo panali felemu yomwe anagula sabata ya maliro, ndipo ankapukuta galasi lake ndi nsonga ya chitenje. Ataona envulopu m'manja mwa mwana wawo anaimirira, nkhope yonse ikuwala.

"Yatha filimu ija?"

"Yatha, amayi."

"Bwera nawo kuno bambo ako ndiwaone," anatero a Hajara, akutambasula manja onse awiri.