Mzere Umene Chiswe Chinadya

Tamiwe anafika kunyumba ku Kapata dzuwa likulowa, atakulunga m'chitenje kaundula wakale wa mpingo wina wa ku Madzimoyo. Akulu a mpingowo anam'patsa ntchito yolumikiza databesi yawo, nkhokwe ya mayina ya pakompyuta, ku webusayiti, kuti mayina a akhristu azioneka pafoni pofika Lamlungu. Amene analowetsa mayinawo mu databesi anali mlembi wakale, ndipo anali atamwalira chaka chatha.

Ntchito inayenda, koma tsamba linkachedwa kutseguka. Tamiwe anaganiza zochotsa akufa onse. Databesi inakana, poti dzina la mwana aliyense linali lomangirizidwa ku la kholo lake. Iye anazimitsa lamulo loletsalo, n'kufufuta mayina makumi anayi ndi awiri, osasunga kope lina. Ankadziwa bwino kuti mumpingomo dzina la womwalira salifufuta, amangojambula kamtanda pambali pake.

Magetsi anathima. Anapitiriza kulemba pulogalamu ya webusayitiyo, laputopu ikuyendera batire.

Kenako anamva anthu akukhala pansi pakhonde, mmodzimmodzi. Fungo la dothi lonyowa linalowera pansi pa chitseko, chonsecho mvula inali isanayambe.

"Odi, mwanawe." Anali mawu a mayi wachikulire.

Mawuwo anapitiriza kuseri kwa chitseko:

"Kumene timagona atifunsa mayina. Akuti sakutipeza. Ndiye tabwera kuno."

Tamiwe anatsegula kaundula uja n'kuyamba kulowetsanso dzina lililonse lokhala ndi kamtanda. Akasunga dzina limodzi, wina pakhonde ankadzuka, kusasa fumbi, n'kumapita. Ankamva mapazi akuzimiririka pamsewu. Ena ankakoka mwendo. Mmodzi anali wamng'ono, ankathamanga.

Batire inkatsika. Analowetsa makumi anayi ndi limodzi.

Dzina lotsala linali pa tsamba la 1974. Chiswe chinali chitadya mzere wonse, n'kusiya kamtanda kokha. Pakhonde wina anatsokomola pang'ono, ngati mlendo wosafuna kuvutitsa.

Tamiwe anasendera kuchitseko, nafunsa monong'ona: "Amayi, dzina lanu ndani?"

"Likanakhalapo ndikanakuuza, mwanawe. Nanenso landithawa."

Laputopu inazima.

Lamlungu webusayiti inatseguka bwinobwino, akulu a mpingo anamuyamika. Iye sanaseke. Atawafunsa za mzere wodyedwawo, aliyense anati dzinalo lili pamlomo pomwepa, koma palibe anatha kulitchula.

Masiku ano, Loweruka lililonse, Tamiwe amakwera njinga yahayala kupita ku Madzimoyo. Amafunsa nkhalamba khomo ndi khomo, kenako amawerenga miyala ya kumanda mpaka madzulo. Anansi ake ku Kapata amanong'onezana kuti mtsikanayo sadzeranso khomo lakumaso, ndipo kukamada amayala mphasa pakhonde. Mmawa mphasayo imapezeka itapindidwa bwino, itatsamiritsidwa kukhoma.