Mphambano Yosesedwa

Tamsin anamva matabwa akuthyoka, kenako mfuu ya bambo ake. Atachotsa zomvera m'makutu n'kucheuka, pomwe panaima bambo Tolley panali fumbi lofiira ndi chipewa chawo basi.

Anaponya pansi makina ake osakira golide n'kuthamangira komweko. Unali mgodi wakale, wa anthu omwe ankakumba kuno agogo athu asanabadwe. Winawake anautseka ndi matabwa, mphepo n'kukwirira matabwawo ndi mchenga. Wosaka golide amayenda maso ali pansi, makutu ali pa kulira kwa makina, choncho bambo Tolley anapondapo ngati akuponda pakhonde pawo.

"Adadi!"

"Ndili moyo," mawu anachokera pansi. "Usaime m'mphepete. Ngati ukufuna kusuzumira, gona chafufumimba."

Tamsin anagona n'kusuzumira. Dzenjelo linali lakuya ngati anthu atatu atasanjikizana. Bambo ake anali atatsamira khoma, mwendo wamanzere utapindika pamalo pomwe mwendo supindika.

Bambo Garrick Tolley ankayendetsa basi ya sukulu m'tauni yathu ya Warrabin, ndipo kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu anali munthu wabwinobwino. Loweruka likafika, matenda athu osaka golide ankawagwira. Ambirife tili nawo: aphunzitsi, anamwino, opuma pantchito. Palibe amene analemera nazo. Timabwerako ndi misomali, zipolopolo zakale ndi zitini zadzimbiri, ndipo mwezi ukakoma, kagolide konga njere ya mpunga, komwe timakasunga m'botolo la mankhwala n'kumaonetsa mlendo aliyense, afune asafune.

Ukamufunsa munthu komwe watola, amaloza komwe sanapiteko. Limenelo ndi bodza lololedwa, tonse timanama. Koma bambo Tolley anapitirira muyeso. Pomwetsera mafuta, potulukira m'tauni, pali bolodi pomwe aliyense amalemba komwe akupita, kuti akapanda kubwerera anthu adziwe koyambira kumufuna. M'mawa umenewo iwo analemba kuti Chitsime cha Nkhosa, komwe ndi kum'mwera, n'kulowera kumpoto. Atapatuka mumsewu wafumbi pamtengo wouma wa nthambi ziwiri, anaimitsa galimoto monga mwa nthawi zonse, Tamsin n'kutsika kukasesa mapazi a matayala ndi nthambi.

Malo amenewo ankawatchula kuti Kumunda, ndipo anawabisa zaka zisanu ndi chimodzi. Tamsin, yemwe tsopano anali ndi zaka khumi ndi zisanu, anayamba kupita nawo chaka chapitacho, atamulumbiritsa kaye. Ngakhale amayi ake sankadziwa. Amene bambo Tolley ankawaopa kwambiri anali mayi Noeleen Petrovic, ophika buledi, amene pa tonsefe anali akatswiri.

"Mayi ameneyo golide amachita kumununkhiza," ankatero. "Akangopadziwa, Loweruka limodzi lokha atisiyira miyala."

Tamsin anamangirira botolo la madzi ku lamba wake ndi zingwe za nsapato, n'kulitsitsira m'dzenjemo.

"Ndikupita kugalimoto ndikaitane anthu pa wailesi yolankhulirana," anatero. Foni kumeneko sigwira, imangokhala wotchi.

"Wailesi ayi. Aliyense yemwe ali kunja kuno lero akumvera pomwepo. Katenge chingwe chachikulu chija, umange pamtengo uwo. Ndikwera ndekha."

"Ndi mwendo umenewo?"

"Ndili ndi manja awiri. Fulumira."

Tamsin anamvera. Njira sinamuvute, chifukwa tikamasaka timakoka unyolo womangirira m'chiuno, kuti mzere wake pansi uzitiuza pomwe tadutsa kale. Anatsatira mzere wake womwe mpaka pagalimoto, ulendo wa mphindi khumi, n'kubwerera ndi chingwe. Anachimanga mfundo ziwiri monga anamuphunzitsira.

Bambo Tolley anagwira chingwe, n'kudzikoka kamodzi, kawiri. Kachitatu mwendo wothyoka uja unagunda khoma. Analira kulira komwe Tamsin anali asanakumvepo, manja n'kutaya chingwe. Kwa kanthawi sanayankhe ngakhale anawaitana katatu. Atatsegula maso, nkhope inali itatuwa, ndipo thalauza linali litanyowa magazi pansi pa bondo.

"Ndipume pang'ono," anatero motsitsa. "Tiyesanso."

Tamsin anakhala tsonga n'kuganiza. Sanali mwana wojijirika. Kusukulu ndiye ankasankhidwa kugwira pagolo. Dzuwa linali litapendeka. Amayi ake akanayamba kuda nkhawa madzulo, anthu akanakawerenga bolodi, ndipo galimoto zonse za m'tauni zikanathamangira kum'mwera. Unali mwezi wa Juni, pomwe kuzizira kwa m'chipululu kumaumitsa madzi m'chidebe kusanache. Munthu wotaya magazi sakanapirira zimenezo m'dzenje. Mantha anali nawo, ndipo ankadziwanso kuti bambo ake sakhululuka msanga. Anaimirira n'kusasa fumbi m'mawondo.

"Adadi, ndikupita ku wailesi."

"Unalumbira, Tamsin."

"Ndinalumbira, eya. Mundikalipire muli kunja kuno."

Anathamanga osacheuka, ngakhale ankamva dzina lake likutuluka m'dzenje. Pagalimoto anatenga cholankhulira, n'kupuma kawiri kuti mawu asanjenjemere.

"Aliyense amene akundimva, ndine Tamsin Tolley. Adadi agwera mumgodi wakale, mwendo wathyoka ndipo akutaya magazi."

Wailesi inalira phokoso lake lija. Kenako panamveka mawu a munthu yemwe anali ndi chakudya m'kamwa. Mwa anthu onse a m'dziko, anali mayi Petrovic.

"Ndakumva, mwanawe. Akulankhula?"

"Akulankhula, anti."

"Ndiye ali bwino, bambo ako akasiya kulankhula ndiye tiziopa. Pabolodi mwalemba Chitsime cha Nkhosa. Muli mbali iti ya chitsime?"

Tamsin anatseka maso. "Limenelo ndi bodza, anti. Tili kumpoto."

Ndipo ananena zonse: msewu wafumbi, mtengo wouma wa nthambi ziwiri, kupatukira kumanja, kuwoloka mtsinje wouma. Ankadziwa kuti makutu ambiri akumva, ndipo anawamvadi akuyankha mmodzimmodzi. A Bracewell, opuma pantchito ya njanji, anati ali ndi makwerero ndipo akubwera ndi mng'ono wawo. Wina yemwe anali pafupi ndi tauni anati akaimbira achipatala.

"Bwerera kwa bambo ako," anatero mayi Petrovic. "Uwaponyere malaya amange pabalapo, ndipo usawalole kugona. Akafuna kutukwana, asiye atukwane."

Koma bambo Tolley sanatukwane. Anamanga bala, n'kumwa madzi, osayang'ana kumwamba.

"Wawauza?"

"Ndawauza."

"Ndani wayankha?"

"Anti Noeleen."

Anaseka kuseka kowawa. "Zaka zisanu ndi chimodzi, iwe wagawa m'mphindi imodzi ngati maswiti."

Mawu amenewo anamupweteka Tamsin kuposa minga yomwe inali m'manja mwake. Misozi inalengeza, koma sanachoke pamphepete. Anayamba kuwafunsa mayina a ana onse okwera basi yawo, mpando ndi mpando, kuti asagone, ndipo iwo ankayankha monyinyirika. Ali pa mpando wachisanu ndi chiwiri, anakumbukira chinthu china. Anali ataiwala kunena kuti ukawoloka mtsinje wouma, njira imakhotera kumanzere kuseri kwa miyala, pamwala wosaonetsa mapazi a matayala. Wosadziwa amapitirira n'kukathera kuchigwa cha mchere.

Anali atangodzuka kuti athamangirenso ku wailesi pomwe anamva injini. Galimoto zitatu zinatulukira kuseri kwa miyala ija, mosakayika ngati zikulowa pageti pakwawo. Ola linali lisanathe.

Mayi Petrovic anatsika ufa udakali pa malaya awo. Anasuzumira m'dzenjemo, manja ali m'chiuno.

"A Tolley, golide timamufuna ndi makina, osati ndi mwendo."

"Nditulutseni, mayi, nthabwala pambuyo."

Ntchito inayenda mwadongosolo. A Bracewell aang'ono anatsika pa makwerero, n'kumanga mwendowo pakati pa mipini iwiri ya mapiki. Anawagoneka pa thabwa la bedi la m'galimoto, n'kuwamangirira ndi malamba. Tamsin anapatsidwa chingwe cha kumutu, ndipo palibe amene anamuuza kuti ndi mwana, apatuke. Atawerenga mpaka katatu anakoka onse, bambo Tolley n'kutuluka pang'onopang'ono, ofiira ndi fumbi ngati mbatata yongokumbidwa.

Atawagoneka pamthunzi wa galimoto, maso awo sanapite pamwendo. Ankayang'ana anthuwo, n'kuyang'ana Kumunda kwawo, komwe mizere ya unyolo inkaonetsa poyera pomwe afika ndi pomwe patsala.

"Chabwino," anatero. "Mwapaona. Tulutsani makina anu, musachite manyazi."

A Bracewell anayang'anana ndi mng'ono wawo, n'kuyamba kukanda m'mutu. Mayi Petrovic anakhala pa bokosi la zida n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Bambo a Tamsin, malo ano ndinawadziwa mwana uyu asanakwane zaka khumi."

"Bodza."

"Tamverani. Chipululu chonsechi, kulikonse mungapite, pansi pali mapazi a kangaru, a abuluzi, a mbalame. Malo amodzi okha ndi osalala, osesedwa bwino ngati pabwalo la tchalitchi. Ndani amasesa chipululu?"

"Ife timalozerana njira ndi pomwepo," anawonjezera a Bracewell aakulu mwaulemu. "Timati ukadutsa posesedwa pa a Tolley, uyende pang'ono upeza geti. Ine ndinalowako kamodzi kudzaona, ndi momwe ndinadziwira za kukhota kwa pamiyala. Ndinangoona galimoto yanu n'kubwerera."

Bambo Tolley anafunsa ndi mawu aang'ono, "Nanga bwanji simunabwere kudzasaka?"

"Ndi panu," anatero mayi Petrovic. "Munapapeza ndinu. Ine ndili ndi panga, ndipo simudzapadziwa chifukwa ine sindisesa." Kenako kuseka kunawathera. "Chomwe sindinkadziwa n'chakuti mumanama ndi pabolodi pomwe. Bolodi timalikhulupirira, a Tolley. Tikanafufuza ku Chitsime cha Nkhosa mpaka mawa, inu mukuuma muno. Mwana uyu akanakumverani, Lachitatu tikanavala zakuda."

A Bracewell anapita kukazinga dzenje lija ndi nthambi ndi miyala kuti lizioneka. Bambo Tolley anatembenuzira nkhope kumbali. Tamsin anawafunditsa jekete lake. Mpaka galimoto ya chipatala inakumana nawo pamsewu waukulu, bambo ake sanamuyang'ane m'maso.

Anakhala milungu itatu m'chipatala, mwendo atauika zitsulo. Anzawo ankawaseka kuti tsopano makina azilira okha akamayenda. Kunyumba ankalankhula ndi Tamsin za sukulu, za galu, za mvula yomwe sinkabwera, koma za tsiku lija ayi. Mtsikanayo sanapepese. Ankadziwa kuti sanalakwe, komabe zinkamuwawa kuti makina ake angokhala kuseri kwa chitseko, ndipo anayamba kukhulupirira kuti bambo ake sadzamutenganso kokasaka.

Loweruka lina mu Seputembala, tchire litachita maluwa achikasu, anamva kugogoda pachitseko cha chipinda chake m'mamawa. Anali bambo ake.

"Ukugonabe? Ntchentche zidzuka ife tisanafike."

Pomwetsera mafuta, bambo Tolley anatsika ndi ndodo yawo n'kutsimphinira kubolodi. Anatenga choko, n'kuima nacho nthawi yaitali. Mayi Petrovic anali pomwepo akuthira mafuta, akunamizira kuti sakuona. Kenako bambowo anatembenuka n'kupereka chokocho kwa mwana wawo.

"Lemba ndiwe. Dzanja langali linazolowera zoipa."

Tamsin analemba ndi zilembo zazikulu: TOLLEY NDI MWANA WAKE, POSESEDWA, KUBWERERA 5 KOLOKO.

Atapatuka pamtengo wouma wa nthambi ziwiri, galimoto inaima monga kale. Tamsin anayang'ana bambo ake modabwa.

"Tikusesabe?"

Bambo Tolley anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, maso ali kutsogolo. Kenako anacheuka n'kumuyang'ana m'maso, koyamba chichokereni m'dzenje muja.

"Sesa, mwana wanga," anatero. "Usese kwambiri, mpaka kumsewu, kuti tsiku lina ukadzawaitananso asadzaphonye."