Khomo la Kumaso

Patience amakhala ku Ndirande ndi agogo ake aamuna, a Onesimo. Iye ankafuna kuona Zomba. Ankafuna kuona nyumba yaikulu ya m'phiri. Kalekale m'nyumbamo munkakhala mzungu. Agogo ali mnyamata ankatsuka mbale mmenemo.

"Agogo, tipite ku Zomba," anatero Patience.

"Kukatani? Akangotithamangitsa," anayankha agogo.

Patience anapempha Lolemba. Anapemphanso Lachiwiri. Loweruka agogo anavala jekete ndi chipewa.

"Tenga juzi," anatero. "Ku Zomba kumazizira."

Ku Limbe woitanira minibasi ankakuwa. "Zomba, Zomba! Watsala mmodzi!"

"Bodza limenelo," anatero agogo. "Yamba wasuzumira."

Patience anasuzumira. Munali anthu atatu okha. Iwo anakwera ina.

Ku Zomba, Patience anaona phiri lalitali. Nsonga yake inabisala m'mitambo. Anaona nyumba zakale za njerwa. Anaonanso anyani m'mbali mwa msewu.

"Bisa nthochi yakoyo," anatero agogo. "Anyani akuno ndi akuba."

Anakwera chitunda pang'onopang'ono. Kenako anafika pa nyumba ija. Inali ndi khonde lalitali. Patience anawerenga chikwangwani: "Takulandirani alendo."

Agogo anavula chipewa. Anayamba kuzungulira kuseri.

"Agogo, mukupita kuti? Khomo ndi ili."

"Limenelo si lathu. Lathu lili kuseri, kufupi ndi khitchini."

"Chifukwa chiyani?"

"Ndi mmene zinalili."

"Nanga lero?"

Agogo anaima pomwepo, chipewa chili m'manja.

Patience anakwera masitepe yekha. Kodi amuthamangitsa?

"Odi," anatero.

Chitseko chinatseguka. Panatuluka mayi Zuleikha, oyang'anira nyumbayo.

"Lowani, mwanangu. Mwachokera kuti?"

"Ku Ndirande. Agogo angawa ankagwira ntchito muno."

"Ndiye nyumba ino akuidziwa kuposa ine," anatero mayiwo. "Lowani, bambo. Mudzatiuze za kale."

Agogo anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Panalibe wowathamangitsa. Anapukuta nsapato. Anapukutanso. Patience anatsika n'kuwagwira dzanja.

"Tiyeni, agogo."

Analowera khomo la kumaso.

Agogo anaonetsa Patience pamoto pomwe ankaikapo nkhuni. Anamuonetsa zenera lomwe ankapukuta. Patience ankafunsa ichi, n'kufunsa icho.

Mayi Zuleikha anabweretsa tiyi pakhonde. Agogo anakhala pampando. Tauni yonse inkaoneka pansi. Agogo anatembenuza kapu n'kuiyang'anitsitsa.

"Ine ndinkatsuka bwino kuposa apa," ananong'ona.

Patience anaseka. Koma agogo anamwa tiyi yense.

Pobwerera, Patience anafunsa, "Titulukire kuti, agogo?"

"Komwe tinalowera," anatero agogo.

Anatulukira khomo la kumaso, chipewa chili kumutu.