Mapaso Ochokera Kuphiri

Rute adadzuka n'kupeza amayi ake atatulutsa kale katundu panja. Mphasa ziwiri, mtsuko, lichero ndi bokosi lachitsulo la abambo ake zidali pansi pa mtengo wa pichesi, zitanyowa ndi nkhungu ya ku Tsangano. Chakumadzulo, kudziko la Apwitikizi, mitambo idali itayamba kuda.

Bokosilo ndi lokhalo lomwe lidabwerako ku Joni. Abambo ake, a Elson, adapita kumigodi Rute ali ndi zaka khumi. Patatha zaka zinayi kudangofika kalata kudzera ku Boma yonena kuti mwala udawagwera pansi pa nthaka ndipo adaikidwa komweko. M'bokosimo mudali jekete, nsapato ndi bulangete. Padalibe manda oti munthu n'kukalirapo.

Maliro adameta Loweruka lapitalo. Mwambo wa pamudzipo udali wakuti akameta, nyumba ya malemu igwetsedwe kuti wakufayo asamabwere kudzafuna pogona pake. Amake Rute, a Lufina, adabwera pamudzipo mwa chitengwa kuchokera ku Mlangeni, choncho abale a malemu adawasudzula n'kuwauza kuti angathe kubwerera kwawo. Koma ku Mlangeni makolo awo adatha kalekale, ndipo munda womwe ukadakhala wawo adagawana ang'ono awo. Kwawoko kudatsala dzina lokha.

Wodzagwetsa nyumbayo adali a Paison, mng'ono wa malemu. Sadali munthu wankhanza. Adali ndi ana asanu ndi mmodzi ndi kamunda kamiyala, chiyambire chaka chomwe Boma lidachotsa anthu kuphiri kuti likhale nkhalango yake. Aliyense ankadziwa kuti nyumbayo ikagwa, munda wa kachewere womwe udali kuseri kwake ukhala wa a Paison, koma palibe ankanena zimenezi pakamwa.

Rute adali ndi chinthu chimodzi chomwe ankadalira. Kusukulu ya mishoni, aphunzitsi adawawerengerapo m'nyuzipepala kuti itatha nkhondo yaikulu, maiko ambiri adasonkhana n'kugwirizana kuti munthu aliyense asamalandidwe chuma chake popanda chifukwa. Rute adakopera mawuwo patsamba la kope lake, ndipo m'mawa umenewo adalipinda kanayi n'kulifumbata.

Dzuwa litakwera pang'ono a Paison adafika atasenza makwerero, nkhwangwa ili paphewa. Anthu adaima patali, ena m'makonde mwawo, ngati ali ndi ntchito zawo. A Paison adapereka moni kwa alamu awo maso ali pansi. Adati iwo sadakonde kuti zikhale choncho, koma mwambo sadauyambe ndi iwo, ndipo kudali bwino kumaliza mvula isadagwe kuti alamuwo ayende panjira pouma.

Rute adagwada patsogolo pawo.

"Abambo aang'ono, ndili ndi mawu oti ndikuwerengereni."

Adawerenga mwachibwibwi, akubwereza mawu ena kawiri. A Paison adamvetsera mpaka pamapeto, kenaka adafunsa kuti adalemba zimenezo ndani. Rute adayankha kuti ndi akuluakulu a maiko, Angerezi omwe.

"Angerezi omwe?" A Paison adaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. "Nanga pepala lakoli lidali kuti tsiku lija asikari adabwera kuphiri? Adatipatsa masiku atatu, mwana iwe. Chimanga chili m'munda, manda a agogo ako ali pompo. Pita ukawawerengere iwowo."

Rute adayang'ana amayi ake, koma iwo ankangomanga mphasa ndi chingwe, kumasula, n'kumanganso. A Paison adatsamiritsa makwerero pakhoma n'kukwera. Adadula luzi loyamba ndi mpeni. Mtolo wa udzu udatsetsereka n'kugwa pafupi ndi mapazi a Rute, fumbi lakuda ndi mwaye zili kobo. Udagwa wachiwiri, kenaka wachitatu. Kumwamba kudagunda, patali ndithu, koma aliyense adamva.

Apa m'pamene a Lufina adayankhula. Sadakweze mawu.

"Alamu, udzuwo muotche, zilibe kanthu. Koma mapasowo muchotse bwinobwino, musawadule. Ndi anu aja."

A Paison adaleka kusasula. Pomwe adachotsa udzupo mapaso adali poyera, ndipo limodzi lidali lakuda mbali imodzi, lopserera kuyambira pakati mpaka kunsonga. Adaligwira ndi dzanja. Chala chawo chidapeza pomwe padatemedwa ndi chikwanje.

Rute adali wamng'ono pa nthawiyo, koma adakumbukira. Chaka chomwe asikari adaotcha nyumba za kuphiri, a Paison adalanditsa mapaso ochepa m'moto n'kuwasenza mpaka kuno. Idali nyengo yomwe nyumba yakale ya a Elson idagwa ndi mvula, eni ake ali ku Joni. A Lufina adaponda dothi, a Paison adaika mapaso awowo pamwamba n'kufolera. Nyumba itatha, mabanja onse awiri adagona m'menemo miyezi itatu, anthu khumi m'zipinda ziwiri, kufikira a Paison atapeza poti amange. Rute ankagona mapazi ake ali pamsana pa Salome, mwana wa a Paison, ndipo m'mawa uliwonse ankakangana kuti adakoka bulangete ndani.

"Mbale wanu sadaione nyumba ino," adapitiriza a Lufina. "Sadagonemo ngakhale tsiku limodzi. Akati abwere kudzafuna pogona pake, sangaidziwe n'komwe. Yomwe ankaidziwa ndi chulu chija pali maungupo. Muno mudagona inu, ine ndi anawa. Tonse tili moyo."

Mayi wina yemwe ankapeta pakhonde lake adaika lichero pansi. A Paison adakhalabe pamwamba pa makwerero, dzanja lili paphaso lopsereralo, akuyang'ana kuphiri komwe mitengo ya Boma idamera m'mizere pomwe padali mudzi wawo. Rute ankaona msana wawo wokha. Sankadziwa ngati akwiya kapena akuganiza poyambira kudula. Nkhwangwa idali pansi, itatsamira khoma, ndipo iye adasendera pang'onopang'ono mpaka kuima patsogolo pake.

Dontho loyamba lidagwa pabokosi lachitsulo lija n'kulira ngati kamwala.

"Rute," adaitana a Paison osatembenuka. Mawu awo adali osasa.

"Wawa."

"Thamanga kwathu. Kuseri kwa nkhokwe kuli luzi lonyika m'madzi. Ubwere nalo lonse. Umuuze Salome abwere adzakweze udzuwu."

Rute adathamanga osamva miyala kuphazi. Pobwerera adapeza amayi ake ataimirira pansi pa makwerero, akupatsira alamu awo mtolo woyamba uja. A Paison ankauyala pamalo pake n'kumanga mwamphamvu, mano ali gwa. Ali pamwamba pomwepo adanena kuti za munda akakamba okha ndi akuluakulu, ndipo ngati amake Rute angalole, iwo angapemphe mizere ya kumunsi kokha, kufupi ndi dambo. A Lufina adati za mizere akambirana mvula ikakata, koma pakadali pano amange msanga, katundu akunyowa.

Mvula idatsika yamphamvu mtolo womaliza usadamangidwe. Anthu aja adathawira m'nyumba zawo. A Paison adatsika ali chinyowere, n'kupita pansi pa mtengo wa pichesi. Adanyamula bokosi la mkulu wawo okha, adawerama pakhomo n'kulowa nalo. Ataliika pansi adakhala pambali pake, nkhope ili m'manja, mapewa akugwedezeka.

Rute adafumbatula dzanja lake. Pepala lija lidali litanyowa, inki itayenderera moti mawu ena sankawerengekanso. Sadalitaye. Adakwera pamtondo n'kulilowetsa pakati pa udzu ndi phaso lopserera lija, pamalo pomwe sipankadontha.