Tiyese ndi Chikwangwani cha S

Tiyese ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti amayi ake asachoke.

Tiyese ndi amayi ake ankakhala kwa Nthache. Anali awiriwiri basi. Kuseri kwa nyumba kunali mitengo itatu ya manachesi. Mitengo inabereka. Koma chimanga sichinabereke.

Tsiku lina amayi anamuitana.

"Tiyese mwanangu, tamvera. Manachesiwa akapanda kugulidwa, ndipita kuganyu ku Zobue. Iwe ukakhala kwa azakhali ako."

"Mpaka liti, amayi?"

"Mpaka mvula."

Mvula inali kutali. Inali kutali kwambiri.

M'mawa anathyola mtengo umodzi. Anadzaza mabeseni awiri. Amayi anasenza lalikulu. Tiyese anasenza laling'ono. Anayenda mpaka kumsewu waukulu wopita ku boda. Aka kanali koyamba kugulitsa pamsewu.

Kumsewu anapeza amayi ambiri ogulitsa. Anakhala mothinana pamalo amodzi. Wamkulu wawo anali mayi Fyness. Mawu awo anali aakulu.

"Pano m'podzadza, amwali," anatero mayi Fyness. "Pitani uko pokhota msewu. Malo ngambiri. Mukakhala ngati mafumu."

Amayi ena anaseka chogwira pakamwa. Tiyese anawaona. Koma sanadziwe chimene ankaseka.

Pokhota msewu panalibe munthu. Panali chitsulo chachitali. Pamwamba pake panali chikwangwani chozungulira. Chinali ndi chilembo cha S. Mzere wofiira unadula chilembocho.

"Taona mwayi!" anatero amayi. "Ndi pomangirira pomwe palipo."

Anamangirira chiguduli kuchitsulo, chotchinga mphepo. Anaika manachesi m'milu. Milu inali yokongola.

Minibasi inabwera.

"Manachesi! Manachesi otsekemera!"

Minibasi inadutsa.

Galimoto yaing'ono inabwera. Inadutsa.

Thiraki inabwera. Inadutsa.

Dzuwa linapendeka. Anasenzanso mabeseni. Anali olemera ngati m'mawa.

Tsiku lachiwiri kunagwa chiperoni. Kunali nkhungu. Kunali kamvula kowaza. Zala za Tiyese zinauma gwa.

"Manachesi! Manachesi otsekemera!"

Minibasi inadutsa. Galimoto yaing'ono inadutsa. Thiraki inadutsa.

Tsiku lachitatu manachesi anayamba kufewa. Ena anachita nguwi. Ntchentche zinabwera. Ndizo zokha zinaima.

Amayi ankasankha oola. Ankawaika pambali. Mulu wa oola unkakula. Amayi sankaitananso.

"Basi, mwanangu," anatero motsitsa mawu. "Mawa ndilongedza."

Tiyese sanalire. Mtima wake unatentha. Kodi anthu a m'galimoto alibe maso? Kodi alibe makutu?

Thiraki yoyera inatulukira. Tiyese anatola nachesi loola. Analiponya ndi mphamvu zonse.

Phwaa! Pagalasi lakutsogolo.

"Tiyese!" anakuwa amayi.

Thiraki inaliza huta. Koma sinaime. Inapita, inapita, inapita. Inakaima kutali, paja pa amayi ogulitsa. Munthu anatsika. Anayamba kubwerera wapansi. Ankakula pang'onopang'ono. Anali bambo wamtali, wa jekete yachikopa.

Amayi anagwada.

"Pepani, bambo. Mwanayu wandichititsa manyazi. Pepani."

Bamboyo anali wefuwefu. Anayang'ana Tiyese.

"Ndine Horacio, dalaivala wa thiraki ija. Iwe menina, mtsikana iwe, dzanja lako siliphonya! Koma tamva. Galasi likada, ine sindiona. Ndikapanda kuona, ndigunda munthu. Wamva?"

Tiyese anayang'ana pansi. Kenaka anadzutsa mutu.

"Ndalakwa. Koma inunso mumalakwa! Mumangodutsa ngati ndife miyala. Masiku atatu! Ngakhale lero simunaime."

"Tiyese, khala chete!" anatero amayi.

Koma bambo Horacio sanakalipe. Anayang'ana milu ija. Anayang'ana chiguduli. Anayang'ana m'mwamba. Anagwira chibwano.

"Mayi, anakuikani pano ndani?"

"Anzathu aja. Anati pano pali malo."

"Iii! Malo alipodi. Nanga akanakhalapo ndani?"

Analoza chikwangwani.

"Menina, werenga."

"S," anatero Tiyese. "Koma ndi wodula."

"Eya. S wodulidwa ndi mzere wofiira akuti, osaima. Osaima ngakhale pang'ono. Osaima ngakhale kugula nachesi limodzi. Pano msewu wakhota. Ndikaima, wobwera m'mbuyo sandiona msanga. Tigundana. N'chifukwa chake ndakaima kutali, n'kubwera wapansi ngati mbuzi."

Amayi anayang'ana chitsulo chija. Anayang'ana mfundo ya chiguduli. Anaimanga okha, ndi manja awo.

"Masiku atatu," anatero. "Tinkaitana anthu pamalo oletsedwa."

Anaphimba nkhope ndi chitenje. Mapewa awo ankagwedezeka. Tiyese anali asanawaonepo akulira pagulu.

"Nyamukani, mayi," anatero bambo Horacio. "Beseni lalikulu ndinyamula ine."

Anayenda m'mbali mwa msewu. Anapeza chikwangwani china chozungulira.

"Werenga, menina."

"P. Nayenso ndi wodula."

"Ameneyu akuti, osapaka."

"Kupaka n'kutani?"

"Kupaka ndi kuimika galimoto n'kukhalitsa. Kapena kuisiya n'kuchokapo. Apa ukhoza kuima kutsitsa munthu. Akatsika, uzipita. Za malonda iwalani."

"S wodula, osaima. P wodula, osapaka," anatero Tiyese.

Anayenda. Anayenda. Anafika paja pa amayi ogulitsa. Apa panali chikwangwani chabuluu. Chinali ndi P woyera. Panalibe mzere wofiira.

"Nanga uyu?" anafunsa Tiyese.

"Uyu ndiye mnzathu," anatero bambo Horacio. "Akuti, pakani. Zimitsani injini. Tsikani. Wongolani miyendo."

Tsopano Tiyese anazindikira. Anazindikira chimene amayi aja ankaseka. Anatula beseni pansi. Anaima patsogolo pa mayi Fyness.

"Munkadziwa!" anatero. "Munkadziwa kuti uko saima. Munkationa tikupita. Munkationa tikubwerera. Manachesi athu aola. Amayi anga akuchoka chifukwa cha inu!"



"Ha! Mwana wa yani ameneyu?" anatero mayi Fyness. "Wopanda mwambo! Msewu ndi sukulu. Aliyense amaphunzira yekha."

Kumapeto kwa mzere kunali mayi Hamisa, ogulitsa mandasi. Anaimirira.

"A Fyness, mwambo wake uti? Mwanayu wanama pati? Inenso ndinaseka nawo. Ndachita manyazi."

Anakoka dengu lawo. Panatsala kampata kakang'ono.

"Bwerani, achemwali. Khalani apa. Tithinana."

Mayi wina anasuntha beseni lake. Winanso anasuntha lake. Kampata kanakula. Mayi Fyness sanasunthe. Anangoyang'ana kumbali.

"Tsopano iwe," anatero bambo Horacio. "Galasi langa lija."

Anamupatsa Tiyese chigubu cha madzi ndi kansanza. Anamukweza m'mwamba. Tiyese anapukuta. Anapukuta mpaka galasi linati mbee.

"Pepani, bambo Horacio."

"Zatha, menina. Koma dzanja limenelo uzikasewera nalo netiboli."

Basi yaikulu inatulukira. Inayatsa kanyali kakumanzere. Inachepetsa liwiro.

Basi inaima.

Anthu anatsika. Ena anasuzumira pamawindo.

"Manachesi! Manachesi otsekemera!" anakuwa Tiyese.

"Bwera nawo kuno, mwana!"

Minibasi inabwera. Inaima. Galimoto yaing'ono inabwera. Inaima.

Manachesi abwino anali atatsala ochepa. Ambiri anali ataola kale. Oolawo sakanabwerera. Koma abwinowo anatha onse.

Madzulo anauyamba wakumudzi. Kunkazizirabe. Mabeseni anali opepuka. Amayi ankayenda patsogolo. Tiyese ankaopa kufunsa.

Atawoloka kamtsinje, amayi anatembenuka.

"Mawa tilawirire. Mitengo iwiri ikadali yodzadza."

"Nanga ku Zobue, amayi?"

"Ku Zobue kupite ndani? Manachesi onsewo athyola ndani?"

"Simupita?"

"Sindipita, mwanangu."

Apa ndiye Tiyese analira. Analira kwambiri, pakati pa njira. Amayi anatula beseni. Anamupukuta ndi chitenje.

"Taona! Pokalipira akuluakulu sunalire. Ukulira pano?"

Amayi anawerama. Tiyese anali wamkulu kale. Miyendo yake inali yaitali. Koma amayi anamubereka kumbuyo mpaka kunyumba.